Mafunso ndi mayankho: kugwa mumtengo ndi chitetezo cha anthu okwera mitengo pa ntchito

Mafunso ali m'munsiwa amachokera kwa anthu amene ntchito yawo ili m'mwamba mwa mitengo: osadza nthambi, ogwetsa mitengo yoopseza nyumba, othyola zipatso, ogoma uchema, ofula njuchi, komanso abale awo ndi anthu amene amawalemba ntchito. Mayankhowa sangalowe m'malo mwa maphunziro a maso ndi maso, chifukwa mfundo ya chingwe munthu amaiphunzira manja ali pachingwepo, mphunzitsi ali pambali. Komabe pali zambiri zimene munthu angasinthe tsiku lomwelo atangozimva.

Kodi kugwa mumtengo ndi vuto lalikulu choncho?

Ndi lalikulu kuposa mmene limamvekera. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limanena kuti chaka chilichonse anthu pafupifupi 684,000 amamwalira chifukwa cha kugwa, ndipo pa imfa zobwera mwangozi, kugwa kumaposedwa ndi ngozi za pamsewu zokha. Mwa imfa 100 zilizonse zoterezi, zoposa 80 zimachitika m'mayiko osauka ndi a chuma chapakatikati. Chiwerengerochi chikuphatikiza kugwa kwa mtundu uliwonse, ngakhale kwa okalamba oterereka m'nyumba, choncho si onse amene anagwa mumtengo. Koma madokotala a mafupa ndi a msana m'madera odalira mitengo italiitali amaidziwa bwino ngoziyi. Ku Kashmir, dera la mapiri lomwe lili pakati pa India ndi Pakistan, nyengo yokolola mtedza wa m'mitengo wotchedwa walnut ikafika, zipatala zimalandira amuna othyoka misana. N'chimodzimodzi kum'mwera kwa India ndi ku Sri Lanka kwa okwera mitengo ya kokonati, komanso kumadzulo kwa Africa kwa okwera migwalangwa. Ambiri mwa iwo ndi anthu a msinkhu wogwira ntchito, amene banja lonse limayang'ana kwa iwo. Wopulumuka imfa naye akhoza kufa ziwalo kuyambira m'chiuno kutsika m'munsi kwa moyo wake wonse.

Munthu ayambe kuopa akafika pamwamba bwanji?

Palibe msinkhu umene tinganene kuti apa ndiye palibe vuto. Anthu afapo atagwa pa mamita awiri okha, mutu utafikira pamwala kapena pachitsa. Komabe masamu ake ndi ofunika kuwadziwa. Munthu wogwa kuchokera pa mamita 5 amafika pansi m'sekondi imodzi, ali pa liwiro la makilomita pafupifupi 36 pa ola. Pa mamita 10 liwirolo limafika cha m'ma 50, ndipo ulendo wonsewo sukwana sekondi imodzi ndi theka. Mtengo wa kokonati wokhwima ukhoza kutalika mpaka mamita 30.

Ena amadzilimbitsa mtima kuti akaterereka adzagwira nthambi ina. M'theka loyamba la sekondi, mutu ukadali kuzindikira kuti phazi lachoka, thupi limakhala litatsika kale kuposa mita imodzi, ndipo zala sizingaimitse munthu wamkulu amene wayamba kale liwiro.

Nanga kwenikweni anthu amagwa chifukwa chiyani?

Mukamva nkhani za ngozizi, zifukwa zake zimangobwerezabwereza. Nthambi imene munthu anapondapo kapena kukolekapo chingwe yathyoka. Wina wadula chingwe chake yekha ndi macheka. Nthambi yodulidwa yabwerera n'kumumenya, kapena thunthu lagwedezeka mwamphamvu nsonga ya mtengo itachoka. Njuchi kapena mavu zamudzidzimutsa. Magetsi amugwira. Wina amatsika ndi chingwe chachifupi chopanda mfundo kumapeto, chingwe n'kumuthera m'manja akadali m'malere.

Pansi pa zonsezi pali chinthu chimodzi chimene ndikufuna chimveke kuposa china chilichonse: pa nthawi imene munthuyo anagwa, moyo wake unali utatsamira pa chinthu chimodzi chokha, mwinanso sunatsamire paliponse. Taganizirani wokwera amene wavala zida zake zonse bwinobwino. Wazunguliza chingwe chachifupi pathunthu, akukwera, ndiye wafika pamphanda. Chingwe sichingadutse nthambi ili pamwamba pake. Akumasula ngowe ndi dzanja lamanja, lamanzere lakumbatira nthambi, chala chachikulu cha kuphazi chadalira kachotupa ka khungwa, akufuna kuponya chingwe pamwamba pa mphandayo kuti achikolenso. Ndi ntchito ya masekondi ochepa, ndipo waichitapo kambirimbiri popanda kanthu. Koma m'kanthawi kameneko sanamangidwe paliponse, ndipo khungwa likangosupuka, zida zonse wavalazo zimatsikira naye limodzi.

Mankhwala ake ndi kukhala ndi zingwe ziwiri. Musanamasule choyamba, kolani chachiwiri pamwamba pa mphanda, chitsamireni ndi thupi lonse kuti muone ngati chagwira, ndiyeno masulani chija. Kuyambira pamene phazi lachoka pansi mpaka litabwereranso, pasapezeke mphindi imene simunamangidwe. Ku Britain malangizo a ntchitoyi anakhwimitsidwa zaka zapitazi, moti wokwera amayembekezeka kukhala ndi njira ziwiri zomugwira, iliyonse yokhoza kumunyamula payokha, pokhapokha ngati pali chifukwa chomveka choti n'zosatheka. Ena amadandaula kuti ntchito imachedwa. Imachedwadi, ndipo kuchedwa kwakeko n'koyenera.

Ndakhala ndikukwera popanda chingwe kuyambira ndili mnyamata ndipo sindinagwepo. Bwanji ndisinthe lero?

Luso lanu ndi lenileni, palibe angalitsutse. Koma luso limalamulira manja ndi mapazi anu okha. Silingalimbitse nthambi yofumbwa mkati, silingaletse mphepo, ndipo silingathandize chizungulire chikakugwirani dzuwa lili paliwombo musanamwe madzi. Akuluakulu anati tsiku lofera nyani mitengo imaterera. Ena amaunena mwambiwu ngati kuti palibe chimene munthu angachite, koma ine ndimaumva mwina: ngakhale katswiri wa akatswiri tsiku lina amaphonya. Chingwe si cha anthu osadziwa kukwera ayi, ndi cha tsiku limenelo.

Kuzolowera nakonso kuli ndi msampha wake. Wophunzira amaopa, motero amayesa nthambi iliyonse asanaiponde. Amene wakwera zaka zambiri amaponda asanayang'ane, ndipo thupi lake limakhala litayamba kulemera ndi kuchedwa iye asanavomereze.

Mtengo woopsa ndingauzindikire bwanji ndisanakwere?

Uzungulireni wonse, kuyambira patali kenako pafupi, ndipo yambani kuyang'ana pansi. Ngati mtengo wapendekeka ndipo dothi la mbali inayo latukuka kapena lang'ambika, mizu yayamba kuzuka. Ngati pafupi anakumba ngalande kapena maziko n'kudula mizu ikuluikulu, kapena anayatsapo moto patsinde, mtengowo musaukhulupirire ngakhale masamba ali obiriwira. Bowa womera patsinde kapena pathunthu amasonyeza kuti mkati mukuola. Yang'ananinso njira za chiswe, mphako, ming'alu yoyenda m'litali mwa thunthu, ndi utuchi wa tizilombo tofumbula. Gogodani thunthu ndi msana wa nkhwangwa: mtengo wamphako umalira ngati ng'oma.

Mphanda nazo zimasiyana. Yotambasuka bwino, yooneka ngati chilembo cha U, kawirikawiri imakhala yolimba. Yopanikizana ngati V, khungwa litapindikira mkati pakati pa nthambi ziwirizo, imang'ambika mosavuta chifukwa nthambizo sizinalumikizane kwenikweni. Nthambi zophukira pamalo amene anadulapo kale zimaoneka zonenepa ndi zathanzi, koma zimangomera pakhungu la mtengo ndipo zimazuka msanga. Kwezani maso muone nthambi zouma kapena zothyoka zimene zangokodwa m'mwamba, chifukwa zimagwa mukangogwedeza mtengo. Imaninso kaye chete mumvetsere ndi kuona ngati njuchi kapena mavu zikulowa ndi kutuluka penapake.

Pa migwalangwa ina pali ngozi yapadera. Makwawa ouma amene aunjikana zaka zambiri pansi pa nsonga akhoza kugumuka onse pamodzi n'kupanikiza wokwera pathunthu mpaka kulephera kupuma. Ku California, m'dziko la America, anthu osadza migwalangwa afapo motere. Mtengo wotero sudulidwa munthu ali kunsi kwa mulu wa makwawawo.

Mtengo wouma kale, wonyowa ndi mvula, kapena tsiku la mphepo yamphamvu ndi ziphaliwali, sukweredwa.

Kodi kumanga chingwe m'chiuno sikokwanira?

Ayi. Munthu akagwa atamanga chingwe m'chiuno mokha, mphamvu yonse imagwera pamimba ndi pamsana. Chingwecho chimakwera mpaka m'nthiti n'kumufinya kuti asapume, kapena munthu amatembenuka mutu pansi n'kupulumukamo. Chofunika ndi lamba wopangidwira ntchitoyi, amene amati hanesi, wogwira m'chiuno ndi m'ntchafu zonse ziwiri, kuti munthu akalendewera akhale ngati wakhala pampando.

Zida zenizeni zimakhala ndi chizindikiro cha muyezo umene zinayesedwa nawo. Pa miyezo ya ku Ulaya, hanesi yokhalira imalembedwa EN 813, chingwe chokwerera EN 1891, ngowe zachitsulo zotsekeka, zimene amati karabina, EN 362, ndipo chisoti EN 397 kapena EN 12492. Chisoticho chikhale ndi lamba wa pachibwano, apo ayi chimachoka munthu asanafike n'komwe pansi. Karabina ikhale yodzitsekera yokha, yosatseguka ikakhudzana ndi nthambi. Ku America muyezo wa ANSI Z133 umafuna kuti chingwe chokwerera chikakhala chatsopano chizipirira kulemera kwa makilogalamu pafupifupi 2,400 chisanaduke.

Wina angadabwe kuti munthu wa makilogalamu 70 akufuniranji chingwe chonyamula matani awiri. Mfundo iliyonse imachepetsa mphamvu ya chingwe, kukhuzika pakhungwa kumachidya, ndipo munthu wogwa akaimitsidwa mwadzidzidzi amakoka ndi mphamvu yoposa kulemera kwake kangapo. N'chifukwa chake chingwe cha khonje, chomangira katundu kapena chokokera galimoto sichoyenera, ndipo chingwe chotsitsira nthambi chisakhale chomwecho chokwerera munthu.

Pali mfundo ina imene ambiri saidziwa. Zingwe zokwerera mitengo sizitamuka kwambiri, choncho zinapangidwa kuti zikugwireni musanagwe, osati kukuwakhani mutagwa kale patali. Chingwe chizikhala chokungika nthawi zonse, chisalekerere kupitirira theka la mita, ndipo musakwere kupitirira pamene mwachikoleka. Chimene chimathandiza kukunga chingwe uku mukukwera ndi mfundo yoyenda, monga ya Prusik, imene anaitulukira Karl Prusik wa ku Austria mu 1931: mukaikankha ndi dzanja imatsetsereka, mukailemera imaluma chingwe. Kumapeto kwa chingwe mangani mfundo yoletsa kuti chisakuthereni.

Chingwe ndichikoleke pati?

Pamwamba, pafupi ndi pakati pa mtengo, pamphanda yamoyo ndi yonenepa. Chizungulire thunthu lenileni n'kukhala pamwamba pa nthambi, osati kuzungulira nthambi yokhayo, kuti nthambiyo ikathyoka chingwe chikodwe pa ina ya m'munsi. Musachikoleke kutali ndi pamene nthambi yalumikizana ndi thunthu. Musanakwere chiyeseni muli pansi: lendewerani ndi thupi lonse, mnzanu awonjezerepo kulemera kwake, uku mukuyang'ana ndi kumvetsera ngati chinachake chikulira m'mwamba.

Mukamayenda panthambi kupita kunsonga, kumbukirani kuti chingwe chanu chikupendekeka. Mukaterereka pamenepo simugwa pansi, koma mumauluka cham'mbali n'kukawombana ndi thunthu, ndipo anthu athyokapo nthiti ndi nsagwada motere. Chingwe chachifupi chachiwiri, chokoledwa pafupi ndi pamene mukugwira ntchito, chimaletsa zimenezi.

Kodi macheka a injini ndi chikwanje zimawonjezera ngozi yanji m'mwamba?

Tcheni cha macheka a injini chimathamanga mamita pafupifupi 20 pa sekondi, ndipo chingwe chokungika chimaduka pongochikhudza. N'chifukwa chake lamulo la ntchitoyi limati podula ndi macheka a injini munthu akhale womangidwa malo awiri osiyana, ndipo asanayambe kudula aone kumene zingwe zonse zadutsa. Macheka agwidwe ndi manja awiri. Chizolowezi chogwira nthambi ndi dzanja lamanzere uku lamanja likudula ndicho chimadulitsa anthu mikono. Nsonga ya macheka, makamaka mbali yake yam'mwamba, ikagunda mtengo, macheka amadumphira kumaso mofulumira kuposa mmene munthu angazembere, choncho musadule ndi nsonga ndiponso musadule pamwamba pa mapewa anu.

Nthambi yolemera imadulidwa katatu. Yambani kucheka pang'ono kunsi kwake, kutali pang'ono ndi thunthu. Kenako chekani pamwamba, kunja pang'ono kwa pamene munayamba paja, mpaka igwe. Pomaliza chotsani chitsa chotsalacho. Mukangoyamba pamwamba, nthambi imasenda khungwa mpaka pathunthu, ndipo ngati chingwe chanu chazungulira pamenepo chimakukokerani pamtengo mwamphamvu.

Chikwanje ndi nkhwangwa zili ndi vuto lawo: pozikweza ndi kuzitsitsa thupi lonse limagwedezeka, ndipo zikaphonya zimapitirira mpaka pabondo kapena pachingwe. Macheka a manja opindika, okhala m'chimake, ndi abwino kwambiri m'mwamba. Chida chilichonse chimangiriridwe ku hanesi, chisanyamulidwe pakamwa kapena m'manja pokwera.

Mtengo uli pafupi ndi mawaya a magetsi. Ndichite bwanji?

Musakwere. Uzani kampani ya magetsi kuti idzathimitse kapena itumize anthu ake ophunzitsidwa. Simufunika kugwira waya ndi dzanja kuti magetsi akupheni: nthambi yaiwisi, mtengo wokolera zipatso, makwerero achitsulo, ngakhale chingwe chonyowa zimadutsa magetsi, ndipo amphamvu kwambiri amadumpha mpata. Malamulo a ku America amati munthu amene sanaphunzire ntchito ya pafupi ndi magetsi atalikirane ndi waya mamita atatu, iye ndi zida zake zomwe, ndipo mpatawo umakula mphamvu ya magetsi a m'wayamo ikapitirira mavoliti 50,000. Waya wokutidwa ndi pulasitiki wakuda musamuyese wotetezeka.

Mnzanu akagwidwa ndi magetsi mumtengo, mtima umafuna kuthamangira kukamutsitsa, koma mtengo wonsewo ndi dothi lozungulira zikhoza kukhala ndi magetsi. Imani patali, letsani ena kuyandikira, ndipo imbani foni kuti athimitse.

Makwerero sangakhale otetezeka kuposa kukwera ndi manja?

Amathandiza kufika panthambi yoyamba, basi. Aimikeni popanda kutsetsereka, phazi lake litalikirane ndi mtengo mita imodzi pa mamita anayi alionse a kutalika, amangeni kumtunda ndipo wina awagwire pansi. Musadule nthambi yaikulu mutaima pamakwerero osamangidwa: nthambi ikagwa tsinde lake limabwerera n'kukankha makwererowo, kapena mbali imene mwawatsamiritsa imatukuka kulemera kukachoka.

N'chifukwa chiyani mumalimbikira kuti pansi pakhale munthu?

Chifukwa wovulala m'mwamba sangadzitsitse yekha. Munthu wodulidwa mtsempha waukulu wa pamkono kapena pantchafu akhoza kutha magazi m'mphindi zochepa, thandizo lochokera kutali lisanafike. Choncho wapansi asakhale wongokoka nthambi. Akhale wodziwa kukwera, zida zake zikhale zokonzeka patsinde, ndipo awiriwo akhale atayesererapo kutsitsana. Asanayambe ntchito agwirizane kuti zikavuta aimbira ndani, galimoto ilowera kuti, ndipo chipatala chapafupi chili kuti.

Wapansi ndiyenso mlonda wa malo ogwera nthambi. Anthu ambiri ovulala pa ntchito ya mitengo savulala chifukwa chogwa, koma chifukwa chogweredwa. Wam'mwamba asadule asanafuule kuti "Chokani pansi!" ndi kumva yankho lakuti "Palibe munthu, dulani!" Yankho likapanda kumveka, macheka adikire. Pogwetsa mtengo wonse, anthu ena onse atalikire kawiri kutalika kwa mtengowo. Ana amakonda kudzaonerera ntchito yotere, ndipo kuwathamangitsa kamodzi sikukwanira.

Mnzathu wagwa. Tichite chiyani, ndipo tisachite chiyani?

Choyamba yang'anani m'mwamba ndi m'mbali kuti inunso musagweredwe, ndipo wina aimbe foni yopempha ambulansi nthawi yomweyo. Kenako musamudzutse. Apa ndi pamene anthu achifundo amawonongera mnzawo osadziwa. Munthu wogwa choimirira amathyoka zidendene, ndipo mphamvuyo imakwera mpaka kuphwanya mafupa a msana, makamaka pamene nthiti zathera. Wogwa chamutu amathyoka khosi. Fupa likhoza kuthyoka koma mtsempha waukulu wodutsa mkati mwa msana usanaduke. Ndiye anthu amabwera, wina wagwira m'khwapa, wina miyendo, msana n'kupindika pakati, kapena amamukhazika panjinga yamoto pakati pa anthu awiri. Munthu amene amagwedeza zala za kumapazi ali patsinde amakafika kuchipatala miyendo itafa.

Gwadani kumutu kwake, ikani manja mbali zonse ziwiri za mutu kuti usatembenuke, ndipo mulankhuleni kuti asayese kudzuka. Onani ngati akupuma. Ngati sakupuma, kupuma ndiko kumayamba: mugonekeni chagada ndipo dinikizani pakati pa chifuwa mwamphamvu ka 100 mpaka 120 pa mphindi. Ngati akupuma koma akusanza, mutembenuzeni cham'mbali thupi lonse pamodzi, mutu, mapewa ndi chiuno zikuyendera limodzi.

Pamene pakutuluka magazi dinikizani mwamphamvu ndi nsalu yoyera, osachotsachotsa kuti muone. Ngati ndi pamkono kapena pamwendo ndipo magazi akuthovoka osaleka, mangani mwamphamvu ndi lamba wotambalala pamwamba pa balalo, cha kumbali ya thupi, mpaka magazi aleke, lembani nthawi imene mwamanga, ndipo musamasule mpaka achipatala atamulandira. Musamupatse madzi, chakudya kapena mowa, chifukwa mwina afunika opaleshoni. Musawongole fupa, musamuthowe msana. Mufunditseni kuti asazizidwe.

Ngati ambulansi singafike, pezani chinthu chathyathyathya ndi cholimba monga chitseko kapena thabwa lalikulu. Pakhale anthu anayi kapena kuposa, wogwira mutu ndiye azilamula, ndipo mumuike pathabwapo osapinda msana. Ikani nsalu zopindapinda mbali zonse za mutu, mumangeni pachifuwa, m'chiuno ndi m'miyendo, ndipo ayende chogona mpaka kuchipatala.

Wadzuka yekha ndipo akuti ali bwino. Apitebe kuchipatala?

Apite, makamaka ngati wagwa kuchokera pamwamba kuposa msinkhu wake kawiri, kapena anakomoka ngakhale pang'ono. Magazi akhoza kumatuluka pang'onopang'ono mkati mwa chigaza munthu akulankhula bwinobwino, n'kudzakomoka patapita maola. Kapamba kapena chiwindi zikang'ambika, kunja sikuoneka bala. Musamusiye yekha usiku umenewo. Thamangirani naye kuchipatala akayamba kusanza mobwereza, mutu ukamakulirakulira kupweteka, akamasokonezeka kapena kuvuta kudzutsa, akagwa khunyu, kukatuluka madzi kapena magazi m'khutu ndi m'mphuno, akamamva dzanzi m'manja kapena m'miyendo, akalephera kukodza kapena mkodzo ukakhala ndi magazi, mimba ikauma ndi kupweteka, kapena akamatuluka thukuta lozizira ndi ludzu losatha. Bala lolowa dothi kapena zitsotso likufunanso katemera wa kafumbata.

Nanga ngati sanafike pansi koma walendewera pachingwe?

Chingwe chagwira ntchito yake, koma ngozi sinathe. Munthu wolendewera choimirira osagwedezeka, magazi amaunjikana m'miyendo, ku ubongo kumapita ochepa, ndipo akhoza kukomoka m'mphindi zowerengeka. Pansi munthu wokomoka amagwa n'kugona, magazi n'kubwerera kumutu, koma mu hanesi amakhalabe chilili, ndipo zikapitirira amafa. Ngati akumva, muuzeni azipalasa miyendo, aponde panthambi kapena pachingwe chopindidwa, kapena akweze mawondo. Mutsitseni msanga. Kale ankaphunzitsa kuti wotsitsidwayo akhale tsonga kwa kanthawi, koma ofufuza a ku Britain ataunikanso nkhaniyi mu 2009 sanapeze umboni wake, ndipo malangizo a tsopano ndi akuti agonekedwe monga wovulala wina aliyense.

Zida zimatha liti?

Ziyang'aneni tsiku lililonse musanakwere. Chingwe chidutseni m'manja kuyambira kumutu mpaka kumapeto, mukumvetsera ndi zala ngati pali podukaduka, pouma gwa, posungunuka, pofewa kapena potupa. Pa hanesi onani ulusi wa m'misoko. Karabina itsekeke yokha mukaisiya. Dzuwa, petulo, mafuta a injini ndi asidi wa batire zimaononga zingwe mosaoneka, choncho zisungidwe m'thumba lakelake, pouma ndi pamthunzi. Ku Britain lamulo limafuna kuti zida zonyamula munthu ziziunikidwa ndi katswiri miyezi 6 iliyonse. Chingwe kapena hanesi imene yaimitsapo munthu wogwa mwamphamvu, ndi chisoti chimene chamenyedwapo kwambiri, zichotsedwe pa ntchito ndi kudulidwa kuti wina asadzazitole.

Kodi wantchito ali ndi ufulu wokana kukwera mtengo umene akuuona kuti ndi woopsa?

Malamulo amasiyana dziko ndi dziko, koma mfundo yake ndi yovomerezeka padziko lonse. Pangano nambala 155 la bungwe loona za ntchito la ILO, la mu 1981, limati wantchito amene wachoka pamalo chifukwa ali ndi chifukwa chomveka chokhulupirira kuti moyo wake uli pangozi yaikulu asalangidwe, komanso kuti zotetezera pa ntchito zisalipiridwe ndi wantchito. Pangano nambala 184, la mu 2001, limanena za chitetezo pa ntchito zaulimi. Mapanganowa amamanga mayiko amene anawavomereza. Malamulo a ku Britain a mu 2005 okhudza ntchito za m'mwamba anaika ndondomeko imene ndimaiona kuti ndi yanzeru kulikonse: choyamba funsani ngati ntchitoyo ingatheke munthu ali pansi, zikakanika letsani kugwa, ndipo pomaliza chepetsani kuvulala ngati atagwa.

Chovuta n'chakuti okwera mitengo ambiri ndi aganyu, opanda kalata ya ntchito, olipidwa potengera mitengo imene amaliza. Malipiro otere amakankha munthu kuti athamange, akwere atatopa, ndiponso asakane mtengo woipa poopa kuti ganyuyo apatsidwa wina.

Ndilibe ndalama zogulira zida zonsezi. Ndiye ndisiye ntchito?

Funsoli ndi lolemera ndipo sindikufuna kuliyankha mopepuka. Zida zenizeni ndi zodula, ndipo sindinganene kuti chingwe wamba chingalowe m'malo mwake. Koma zambiri zopulumutsa moyo sizigulidwa: kuuyendera mtengo musanakwere, kukana wouma ndi wa pafupi ndi magetsi, kusakwera mutamwa mowa, mukudwala kapena kutada, kumwa madzi, kupuma mikono ikayamba kunjenjemera, kuchotsa miyala, zitsa ndi zitsulo patsinde, ndi kusagwira ntchito nokha. Ntchito yambiri imathekanso muli pansi ndi macheka kapena ngowe ya pamtengo wautali. Anthu angapo ogwira ntchito limodzi akhoza kusonkherana n'kugula hanesi, zingwe ziwiri, makarabina ndi zisoti zoti azisinthana. Pogula zogwiritsidwa kale ntchito chenjerani kwambiri ndi zingwe ndi hanesi, chifukwa simudziwa zimene zinakumana nazo.

Ine ndine mwini mtengo, ndikufuna kulemba munthu. Ndiyang'ane chiyani?

Mufunseni kuti abwera ndi ndani, adzamangidwa bwanji, nthambi zidzatsika bwanji, ndipo atavulala m'mwamba adzamutsitsa ndani. Wodziwa ntchito amayankha mosavuta, ndipo amayamba wauzungulira mtengo asanatchule malipiro. Muuzeni zonse zimene mukudziwa: kuti munali njuchi, kuti nthambi ina inagwa yokha chaka chatha, kuti munakumba pafupi ndi mizu. Funsani ngati ali ndi inshuwalansi, ndipo fufuzani zimene malamulo a dziko lanu amanena, chifukwa m'mayiko ena wolemba ntchito amakhala ndi mlandu wantchito akavulala pamalo pake. Musatume mwana kukwera. Tsiku la ntchito sunthani galimoto ndi ziweto, tsekerani ana m'nyumba, ndipo mphepo ikayamba kapena wokwerayo akanena kuti mbali yotsalayo aimaliza mawa, mulekeni atsike.